Muphe Nkhuku

Mwaseka, eti? Sekani ndithu, mano onse panja. Gogo wagwetsa kapu ya tiyi, kwa inu yasanduka bayisikopo. Iwe Nomsa, tola zidutswazo mwana angaponde, paja wandidzidzimutsa ndiwe. Waona Dalitso akulirira buledi ali m'manja mwa Yamikani, iwe n'kukuwa kumsana kwangaku kuti, “Muphe! Muphe!” Ndikudziwa, usandiphunzitse. M'Chindebele chanucho ukuti amupatse. Koma khutu langali linabadwira ku Dedza, ndipo kwathu muphe ndi muphe, pamafunika mpeni. Zaka zonse ndakhala mu Bulawayo muno, mawu amenewo akandipeza ndisanakonzeke mtima umangoti myuu.

Khalani pansi apa. Chichewa mumachimva, ngakhale poyankha mumachita ngati mwavwira mbatata yotentha m'kamwa. Ndikuuzeni za tambala wina.

Ine ndinafika kuno nkhondo yachiwiri ya azungu isanayambe, ndili kamtsikana kongokwatiwa kumene. Agogo anu aamuna, a Phiri, anali atayamba kale ntchito kunjanji, yosenza matumba m'mabogi. Anabwera kumudzi, anandikwatira, basi tiyeni. Tinayenda pansi mpaka ku Tete, zidendene kung'ambika. Zambezi ndinawoloka maso ali chitsinzinire. Kenako lole, kenako sitima. Inu mukakwera kombi kuchoka ku Njube kuno kukafika m'tawuni mumabwera mukuti msana, msana. Msana wa chiyani?

Njube yanuyi inali tchire. Ife tinkakhala ku Lokesheni, ku Makokoba kuja, chakufupi ndi kumene mumakwerera mabasi a pa Renkini lero. Kukomboni ya amuna akunjanji mkazi sankaloledwa kugonako, choncho a Phiri anapeza kachipinda kuseri kwa nyumba ya mayi wina wamasiye wa Chindebele, dzina lake MaNcube. Denga lake linali la madebe a palafini ophwanyidwa, ndipo mwezi wa chisanu unkadzuka mphuno itauma. Koma linali denga. Tsiku loyamba lomwe a Phiri anandikhazika pansi.

“Nabanda, mumve bwino. Mayi awa akatichotsa pano, ine ndibwerera kukomboni, inu mubwerera ku Dedza, chifukwa malo ena ndilibe. Chimene akuuzeni, chitani. Osafunsa kawiri.”

Ndinavomera, koma ndikanamva bwanji chimene akundiuza? Chindebele changa chonse chinali mawu atatu: salibonani wa moni, yebo wovomera, ndi inkukhu, poti imeneyo ndi nkhuku yathu yomwe. MaNcube ankanditchula makoti, ndiye kuti mtsikana wokwatiwa kumene. Ine sabata yathunthu ndinkayenda monyang'ama, kuyesa akundiopseza ndi makhoti.

Pabwalopo panalinso mdzukulu wawo, kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi chimodzi, Sithembile. Kanali ndi chipsera apa, pansi pa diso lamanzere. Ine ndisanabwere, tambala wofiira wa nyumba yoyandikana anamulumphira akudya chimanga pakhomo, n'kumung'amba ndi chikhadabo chakumbuyo chija. Pang'ono diso likanapita. Kuchokera pamenepo mwanayo akangoona ngakhale mwanapiye ankakuwa mpaka kukomoka, ndipo MaNcube analumbira kuti tambala sadzapondanso pabwalo pawo.

Tsono agogo anu aamuna ndi nkhuku, mayo ine! Anthu ena ankapita kumowa, ena kumpira, ena kunkhonya za Lamlungu, iwo kukhola. Anachonderera MaNcube miyezi ingapo kuti si atambala onse ali ndi mtima wa chimbalangondo, ndipo pomaliza analoledwa kubweretsa mmodzi woyesa. Anali woyera wamawangamawanga akuda, wamkulu kufika m'bondo mwangamu. Anamutcha Chifatse. Tambala ameneyo ankati akapeza chiswe, iye osadya, amaitana mathadzi. Mwana akamakwawa pafupi, iye amapatuka. Pang'ono ndi pang'ono Sithembile anasiya kukuwa, kenako anayamba kumuponyera mphale ali patali. Pamene ine ndinkafika, ndinapeza mwana uja akuyenda pabwalo atabereka Chifatse kumbuyo ndi kansalu, miyendo ya tambala ili lendelende. Ndinaima kukamwa yasa. Kwathu zoterozo ndinali ndisanazionepo.

Tsiku lake linali la pakati pa sabata, m'nyengo yachisanu. A Phiri anali kuntchito. Chakum'mawa kunafika ngolo ya abulu, ndipo munatsika bambo wamtali wa chipewa. Anali a Moyo, mwana wa MaNcube, bambo ake a Sithembile. Anachokera kumudzi kwawo ku Ntabazinduna kudzatenga mwanayo kuti akakhale ndi amake mpaka Khisimisi. Zimenezi ndinazidziwa pambuyo pake. Ndinadzadziwanso pambuyo pake kuti a Phiri anali atalonjeza kuti Chifatse apita limodzi ndi mwanayo, kuti asakayambirenso mantha kumudziko. Ine anandiuza? Ayi ndithu. Amuna a nthawi imeneyo nkhani ankaisunga m'thumba la jekete pamodzi ndi fodya.

Ndinali kuchapa pabeseni pamene MaNcube anandiitana.

“Makoti!”

Ndinathamanga, n'kugwada. Iwo analoza Chifatse, amene ankapalasa pafupi ndi mtondo, n'kunena pang'onopang'ono kuti ndimve bwino:

“Muphe inkukhu.”

Mayi aja anandichitira chifundo, mukuona. Tambala m'Chindebele ali ndi dzina lake lija lothetheka lilime, koma anadziwa kuti sindingalimve, ndiye anasankha mawu amene ndinkawadziwa. Ndipo ndinamvadi bwinobwino: muphe nkhuku. Nanga chodabwitsa chinali chiyani? Pakhomo pafika mlendo, mwini nyumba akuti muphe nkhuku. Ku Dedza ngakhale mwana amadziwa zimenezo. Chimene chinandiumitsa thupi n'chakuti chala chinkaloza Chifatse, pamene misoti yonona inalipo yambirimbiri.

A Phiri anati osafunsa kawiri, koma kamodzi ndinafunsa. Ndinadziloza pachifuwa. “Ndiphe?”

Tsono inu a Chindebele, ndiphe akumveka ngati chiyani? Eya, ngiphe, ndipatse. MaNcube anayesa ndikupempha kuti tambalayo akhale wanga. Anapukusa mutu, nkhope itakwinyika.

“Hatshi wena! Muphe yena!”

Chala chinachoka pa tambala n'kuloza bambo wa chipewa uja. Ndiphe munthu? Ndinamuyang'ana bamboyo, iye akumwa tiyi, akundimwetulira. Kenako nzeru zinabwerera: ayi, akuti ndiphere iyeyo, mlendoyo. Ndinapuma. Ndinadziona wochenjera kwambiri kuti Chindebele ndayamba kuchitola.

Kwathu nkhuku ya mlendo umayamba wamuonetsa ili yamoyo. Ndinapita pamtondo paja. Nkhuku ina ukafuna kuigwira mumazungulira nayo nyumba katatu, koma Chifatse anangobwera yekha, kuyesa ndamutengera mphale. Ndinamunyamula n'kukagwada pamaso pa a Moyo. Iwo anatambasula manja onse awiri kuti alandire. Ine ndinayesa akuyamikira kunenepa kwake, ndiye ndinawalola amusisite pamsana, kenako ndinadzuka naye n'kuzungulira kuseri. Iwo anayesa ndikukamumanga miyendo ndi kumufunira dengu la paulendo. Sithembile anali m'nyumba, akumanga timalaya take m'kansalu.

Kwathu mkazi sazinga nkhuku, imeneyo ndi ntchito ya amuna. Koma pabwalo panalibe mwamuna wina, ndipo mlendo sungamutume. Ndinatenga mpeni wa a Phiri. Ndinaponda mapiko, ndinaponda miyendo, iye osaphupha n'komwe. Anangopendeketsa mutu n'kundiyang'ana ndi diso limodzi. Ndinalira, ana inu, ndisanadule komanso nditadula. Mumtima ndinkatukwana MaNcube kuti mayi wouma mtima chotere sindinamuonepo, wodyetsa mlendo bwenzi la mdzukulu wake.

Poto wathu anali wamng'ono. Ndinati ndikabwereke wamiyendo itatu wa MaNcube. Ndinatulukira pakona ya nyumba, dzanja ili mpeni, dzanja ili Chifatse chadodolido, magazi akudontha, nthenga zoyera zitamatirira m'mikono. Nthawi yomweyo Sithembile ankatuluka pakhomo ndi kamtolo kake pamutu.

Kapu ya a Moyo inagwa ngati yangayi lero. MaNcube anagwira kumutu ndi manja onse. “Maye! Maye babo! Wenzeni?” Mwana uja sanalire. Kamtolo kanagwa, iye anangoima, maso ali pa manja anga. Kenako anayamba kubwerera chafutambuyo mpaka anagunda khoma, n'kukhala pansi pomwepo. Ine ndili chiimire, osadziwa chimene chalakwika. Ndinayesa mwina ndachedwa. Ndinakweza tambalayo m'mwamba kuti aone kuti ntchito ndagwira, ndipo ndinati, “Yebo, mama.”

Yebo, mama! Mpaka lero ndikakumbuka ndimafuna kulowa pansi.

Anthu anadzaza kumpanda. Mawu sindinkawamva, koma limodzi linkabwerabwera: amaNyasa, amaNyasa. Nthawi imeneyo anthu a kuno ankatinena kuti ndife a mankhwala, ndipo apa anaona ndi maso awo mkazi wa ku Nyasalande atazinga chiweto cha mwana tsiku la ulendo wake. A Moyo ananyamula mwana wawo, anamukweza m'ngolo, anakwapula abulu, osatsanzika. MaNcube analowa m'kachipinda kathu n'kuyamba kuponya katundu panja: mphasa, bulangete, simbi yamakala, kasutikesi ka a Phiri. Ndinakhala pa kasutikesiko kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, Chifatse ali pambali panga, ntchentche zikumuzungulira.

A Phiri atafika anayang'ana katundu, anayang'ana tambala, anayang'ana ine. Sanakweze mawu, ndipo bola akanandikalipira.

“Nabanda, mwachita chiyani?”

“Ndachita chimene anandiuza. Munati osafunsa kawiri.”

“Anati chiyani?”

“Anati muphe nkhuku.”

Anavula chipewa. Anakhala pansi pafumbi, bambo wamkulu, ndi yunifolomu yake ya kunjanji. Anabwereza mawuwo kawiri chamumtima, kamodzi m'Chichewa, kamodzi m'Chindebele. Iwo anaphunzira zilankhulo za kuno kuntchito, Chilapalapa cha akapitawo ndi Chindebele cha anzawo, mpaka khutu linazolowera, ndipo anali asanaganizepo kuti mawu awiriwa amagona pamphasa imodzi.

“Kuno kupha ndi kupatsa,” anatero. “Anati mumupatse.”

Ndinamva ngati wina wandithira madzi a m'chitsime kumsana. Manja a bambo aja otambasula, nkhope ya MaNcube, kamtolo ka mwana, zonse zinabwera nthawi imodzi. Ndinasanza pomwepo.

A Phiri anakagwada pakhomo pa MaNcube n'kufotokoza. Mayiwo anakana, n'kunena kuti limenelo ndi bodza la amaNyasa, palibe mtundu wa anthu umene ungatenge mawu abwino ngati amenewo n'kuwasandutsa mpeni. Anatuluka okha, ife tikutsatira, mpaka pangodya ya msewu pamene pankakhala mkulu wina wa ku Nkhotakota wosoka nsapato. Anamufunsa kuti kwanu kupha n'kutani. Mkuluyo, nsapato ali nayo m'manja, misomali ili m'kamwa, anangodutsitsa chala pakhosi. MaNcube anati “Hawu!” n'kukhala pa benchi la makasitomala. Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati akundiona koyamba.

Chigamulo chawo a Phiri anandimasulira tikubwerera. Anati: mawu ndawamva, bwezerani katundu m'nyumba. Koma mwana sanaone mawu, waona magazi. Abwera pa Khisimisi. Akadzakana kulowa pabwalo panga chifukwa cha mkazi wakoyu, otuluka ndinu, chifukwa sindingataye mdzukulu kaamba ka alendo. Nyama ya Chifatse palibe anaikhudza pabwalopo. Inakadyedwa ndi wosoka nsapato uja, ndipo pa nkhani yonseyi amene anapindula ndi iye yekha.

Masiku atatu a Phiri sanandilankhule za nkhuku. Tsiku lachinayi anandiitanira kukhola, n'kunyamula thadzi lakuda limene linkafungatira. Pansi pake panali mazira khumi ndi limodzi.

“Awa ndi a Chifatse. Bambo mwapha, ana mulere ndinu. Mwana uja akadzabwera adzapeze tambala.”

Apo ndi pamene ndinaphunzira ntchito imene mumandiseka nayo lero, inu odziwa nkhuku ya m'pulasitiki yopanda mutu. Anaswa asanu ndi anayi, ndipo atakula pang'ono anayi anaoneka kuti ndi atambala. Ine ndi chisoni changa chija ndinkafuna kumawanyamula, kuwafungata, kuwadyetsa m'manja. A Phiri anandiletsa. Anati tambala womulera ngati khanda amakula osadziwa kuti iwe ndiwe munthu, amakuyesa tambala mnzake, ndipo tsiku lina adzakulumphira. Chifatse sanayambe kunyamulidwa ali mwanapiye, anayamba waphunzira ulemu. Anati muzikhala nawo pafupi ndi lichero lanu, muzisankha nyemba, osawathamangitsa, osawakuwira, ndipo mukamayenda muzingoyenda njira yanu, iwo ndiwo apatuke. Anawasiyanso m'khola limodzi ndi mathadzi akuluakulu, chifukwa kamnyamata kakayamba matama, thadzi lokalamba limakajompha pamutu mpaka kaphunzire.

M'mawa uliwonse ndinkapita kutchire kumene kuli nyumba zanu zino kukakumba chiswe m'debe. Ndikathira pansi, ndinkakhala n'kumayang'ana. Mmodzi ankameza yekha, akuthamangitsa anzake. Ameneyo anapita mumphika, ndipo anazinga ndi a Phiri, ine mpeni ndinali nditausiya. Wachiwiri ankakwera misoti mwankhanza mpaka kuizula nthenga pamsana. Nayenso mumphika. Anatsala awiri. Wina anali woyera wamawanga, chithunzi cha bambo wake, ndipo mtima wanga unali pa iye. Winayo anali wonyansa, ana inu, khosi lopanda nthenga ngati lometedwa ndi lumo, lipombo logwera mbali imodzi.

“Woyerayu,” ndinatero. “Mwana adzayesa Chifatse wadzuka.”

“Muyang'aneni mmene akukubwererani,” anatero a Phiri. “Chammbali, phiko limodzi pansi. Ameneyo akukuyezani msinkhu.”

Ndinatsutsa. Paja inenso pakamwa ndinali napo kuyambira kale. M'mwezi wotentha uja mvula isanagwe, ndinawerama kuti nditole dzira, ndipo woyera uja anandimenya pachidendene ndi miyendo yonse iwiri. Chipsera chake ndi ichi, bwera uone Yamikani, usachite manyazi. Ndinakhala pansi n'kuganiza kuti bwanji ikanakhala nkhope ya mwana. Tsiku lomwelo anapita mumphika.

Wometedwa khosi uja ndiye ankatola chiswe, n'kuchigwetsa, n'kuitana misoti, iye osadya. Ndinkamuyesa mwanjira zonse. Ndinkakwawa pafupi naye kuti ndifanane msinkhu ndi mwana, ndinkakupiza duku, ndinkagwetsa mbale mwadala. Iye ankangosuntha pang'ono n'kupitiriza kupalasa. Zikhadabo zakumbuyo zitayamba kutuluka a Phiri anazipala ndi tupa kuti zikhale zobuntha. MaNcube ankandionera pawindo ndikukwawa m'fumbi ndi mimba, pakuti nthawi imeneyo n'kuti ndili ndi pakati pa bambo anu. Ine ndinkawerenga masabata, n'kumaganiza za njira ya ku Tete, ndekha, ndi mimba imeneyo. Tambalayo ndinamutcha Pepani.

Ngolo inafika kutatsala masiku awiri Khisimisi, mvula itangokata. A Moyo anatsitsa mwana pachipata. Ine ndinali nditaima pakati pa bwalo, Pepani ali m'manja, nditavala diresi langa la kutchalitchi. Sithembile anaponda kamodzi, anandiona, n'kugwira mtengo wa chipata ndi manja onse. Agogo ake anamuitana, bambo ake anamukankha pang'ono, iye osasuntha. Ndinati kalanga ine, tambalayu wamunyansa, ndikanasunga woyera uja. Ndinamukweza kuti amuone bwino, mwana n'kubisa nkhope.

Pamenepo ndi pamene ndinaona kumene maso ake ankayang'ana asanabise. Sankayang'ana tambala. Ankayang'ana manja anga. Miyezi isanu ndi umodzi ndinakhala ndikusankha tambala woti mwana asamuope, osadziwa kuti woopsa pabwalopo ndine.

Ndinamuika Pepani pansi. Ndinakhala m'matope ndi diresi la kutchalitchi lija, miyendo tambalale, manja onse ndinawabisa kumbuyo. Pepani anadzikung'untha, anapalasa pafupi ndi mtondo, anapeza nyongolotsi. Anayang'ana uku ndi uku, misoti inali kutali, ndiye anainyamula, anayenda nayo chakuchipata, anaigwetsa patsogolo pa mapazi a mwana, n'kuyamba kuitana kuja: ku-ku-ku-ku. Sithembile anasuzumira. Anayang'ana khosi lometedwa lija, ndipo kanthu kanagwedezeka pamilomo pake. Anasiya mtengo, n'kunjuta. Tambala anabwerera kudzaima pafupi ndi bondo langa, ndipo mwana anamutsatira, phazi limodzi, phazi lina, mpaka analowa pabwalo. Anaima patali pang'ono ndi ine, anatambasula timanja take, n'kunena motsitsa:

“Ngiphe.”

Khutu langa la ku Dedza linamva zake zomwe zija. Koma yankho ndinali nditaliloweza kwa a Phiri masabata ambiri, ngakhale kuti kwathu mawu amenewo suuza mwana. Ndinatulutsa manja pang'onopang'ono, ndinanyamula Pepani, ndinamuika m'manja mwake.

“Ngiyakupha, mntanami.” Ndikukupatsa, mwana wanga.

MaNcube anatembenuka n'kulowa m'nyumba. Atatuluka anali ndi poto wamiyendo itatu uja, umene ndinkapita kukabwereka tsiku lija, ndipo anauika pakhomo pa kachipinda kathu. Tinakhala pabwalo limenelo zaka khumi ndi zinayi, ndipo bambo anu anabadwira m'chipinda chomwecho.

Mukundiyang'ana chiyani? Chipsera cha pansi pa diso lamanzere simunachionepo? Loweruka lapitali anakhala pampando uwo, akukukalipirani kuti simupereka moni bwino. Eya, Sithembile ndi Gogo MaMoyo, mayi a amayi anu. Mwatsegula pakamwa ngati ine tsiku lija. Inu mumati sadya nkhuku chifukwa cha dokotala. Dokotala wake uti? Kwawo amadya mpaka kuphwanya mafupa. Koma yophika ine sanailawepo, ngakhale pa ukwati wa makolo anu ndinawaphikira nyemba. Timaseka limodzi, maliro timalira limodzi, koma ndikangogwira mpeni kuti ndidule anyezi, amadzuka n'kupita kukaona maluwa panja.

Iwe Yamikani, mwanayo akulirabe. Mupatse bulediyo. Mupatse, ndatero.